KODI WODWALA KALE ANGADWALENSO?

Mau awa anakambidwa ndi Mlangizi wa za Umoyo pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi, asodzi ndi amai ogulitsa nsomba, umene unachitikira pa gombe lina la nyanja m'boma la Salima m'nyengo ya mwera. Alembedwa muno kuti a m'midzi ina, amene sanathe kufika, awawerenge ndi kuwerengerako anzao.

MAU AMENE AMAMVEKA PA DOKO

Atatha kupereka ulemu kwa mafumu, Mlangiziyo anayamba ndi kunena kuti pali mau ena amene amamveka kawirikawiri pa madoko onse a Salima, kuyambira ku Chikombe, Lifuwu ndi Senga Bay mpaka ku Chipoka. Mwera ukayamba kuomba, m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, anthu ambiri amatsokomola ndi kuchita chimfine, makamaka asodzi amene amachezera pa madzi ndi nyali zao posaka usipa, nakagona ambiri mumsasa umodzi. Tsono wina akawachenjeza kuti adzisamale, kapena kuti apite kukalandira katemera, amayankha kuti, "Ine ndinadwala kale, thupi langa linakhwima, sindingadwalenso."

Mau amenewa, anatero Mlangiziyo, si bodza lokhalokha, komanso si choona chokhachokha. Pa nthenda zina munthu wolankhula chotero amanena zoona. Pa nthenda zina amadzinamiza yekha, ndipo kudzinamiza kwakeko kungathe kumtengera kumanda iye mwini, kapena agogo ake amene amagona nao nyumba imodzi. Chifukwa chake nkofunika kuti anthu adziwe zinthu zitatu: chimene nthenda imasiya m'magazi a munthu ikatha, nthawi imene chinthucho chimakhalamo, ndi kusiyana kwa munthu amene anadwala mwakayakaya ndi uja amene anangomva mutu masiku awiri.

UKONDE WA M'MAGAZI

Chimfine, fuluwenza, chikuku ndi Covid-19 ndi nthenda zoyamba ndi tizirombo tating'onoting'ono totchedwa mavairasi. Timalowa pamodzi ndi mpweya pamene wodwala atsokomola, ayetsemula, kapena angolankhula pafupi ndi mnzake. Timaswana m'mphuno ndi pakhosi, ndipo nthawi zina timatsikira m'mapapo.

Thupi silingokhala chete. Anthu ambiri anamva kale za asilikali a m'thupi. Pakati pa asilikali amenewa alipo ena amene nchito yao ndi kupanga zida zogwirira kachiromboko, ndipo zida zimenezi madokotala amazitcha maantibodi. Zimayenda m'magazi, zina zimakhala m'mamina, ndipo zikakomana ndi kachirombo zimakamamatira kuti kalephere kulowa m'nyama ya munthu.

Munthu wa kunyanja sangabvutike kumvetsa nkhani imeneyi. Msodzi aliyense adziwa kuti ukonde wa usipa sindiwo wa chambo, ndipo mbedza ya kampango siikola utaka. Maso a ukonde amalukidwa molingana ndi nsomba imene munthu afuna kupha. Maantibodi ali chimodzimodzi: a chikuku amagwira chikuku chokha, ndipo a Covid-19 sadziwa kanthu za fuluwenza. Tsono kachirombo kachilendo kakalowa, thupi limakhala lilibe ukonde wa msinkhu wake, ndipo limayamba kuluka nkhondo ili m'kati. Maantibodi amayamba kuoneka m'magazi patapita sabata limodzi kapena awiri chiyambire kudwala, nachuluka koposa pa sabata lachitatu kapena lachinai.

Pambuyo pake amayamba kuchepa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri sadziwa. Ukonde, ngakhale ulimbe chotani, umabvunda ndi madzi ndi dzuwa. Maantibodi a m'magazi naonso amatha. Thupi likaleka kupanga atsopano, theka la iwo limakhala litatha pa masabata atatu okha. Kotero chimene chimasunga munthu zaka zambiri si ukonde wakalewo iai, koma oluka ukonde. Nthenda ikatha, ambiri mwa oluka aja amafa popeza nchito yao yatha, koma ena owerengeka amakakhala m'mafuta a m'kati mwa mafupa, namaluka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Enanso amangokhala phee m'thupi osaluka kanthu, koma akukumbukira maonekedwe a mdaniyo, ndipo akadzabweranso amadzuka ndi kuluka msanga m'masiku ochepa. Palinso gulu lina la asilikali amene sagwiritsa nchito ukonde konse, koma amasaka tizigawo ta thupi timene kachirombo kabisalamo ndi kutiononga.

Funso lalikulu tsono ndi ili: kodi nthenda imasiya oluka angati, ndipo ukonde wao udzakwana mdani akadzabweranso? Yankho limasiyana ndi nthenda, ndiponso limasiyana ndi m'mene munthuyo anadwalira.

NTHENDA ZOKUMBUKIKA MOYO WONSE

Pa chikuku, makolo ananena zoona kuti munthu amadwala kamodzi. Umboni wake woyamba unapezeka kwa anthu osodza nsomba monga a kuno, pa zilumba za Faroe, kutali kumpoto kwa Scotland. M'chaka cha 1846 mmisiri wina wa matabwa anafika pa zilumbazo kuchokera ku Copenhagen ali ndi chikuku m'thupi. Nthendayo inali isanaonekeko chiyambire 1781, ndiye kuti zaka 65. Mwa anthu osakwana 8,000 okhala kumeneko, pafupifupi 6,000 anadwala, ana ndi akulu omwe. Dokotala wachinyamata wa ku Denmark, Peter Panum, anayendera midziyo, napeza nkhalamba 98 zimene zinadwala chikuku mu 1781 zikali ana. Mwa nkhalamba zimenezi panalibe ndi imodzi yomwe imene inadwalanso.

Chitsanzo china ndi fuluwenza ya 1918, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lonse, ndipo inafikanso muno m'Nyasaland kumapeto kwa chaka chomwecho, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha. M'chaka cha 2008 madokotala a ku America anafalitsa zimene anapeza m'magazi a nkhalamba 32 zimene zinali ana pa nthawi ya mliriwo. Wamng'ono pa iwo anali ndi zaka 91, wamkulu 101, ndipo onse anali akali ndi maantibodi ozindikira kachirombo ka 1918. Oluka aja anakhala akugwira nchito yao zaka 90.

NTHENDA ZOIWALIKA MSANGA

Koma chimfine sichitero, ndipo aliyense adziwa pakuti amachidwala chaka ndi chaka. Ku Salisbury, m'dziko la England, kunali nyumba ya kafukufuku kumene anthu ankadzipereka okha kuti awathire tizirombo ta chimfine m'mphuno. Mu 1990 madokotala a kumeneko anafotokoza za anthu amene anawathira kachirombo kena ka chimfine, ka mtundu umodzi ndi ka Covid-19 koma kosaopsa. Maantibodi ao anakwera, kenaka anatsika. Patapita chaka anawathiranso kachirombo komweko, ndipo kanaswananso m'mphuno mwa ambiri a iwo. Koma chodabwitsa nchakuti ulendo wachiwiriwu panalibe amene anadwala chimfine chenicheni. Kachirombo kanalowa, koma kanapeza asilikali akukakumbukira.

Nanga kusiyanaku kumachokera kuti? Mlangiziyo anatchula zifukwa zitatu. Choyamba, chikuku chimayenda m'magazi ndipo chimatenga masiku 10 kapena kuposerapo chisanaonekere, kotero asilikali okumbukira amakhala ndi nthawi yokwanira yochigwira panjira. Koma tizirombo ta chimfine timaswana pakhomo penipeni, m'mphuno, ndipo pa masiku awiri kapena atatu timakhala titachuluka kale, oluka asanadzuke. Chachiwiri, maantibodi a m'mphuno amatha msanga kuposa a m'magazi. Chachitatu, tizirombo tina timasintha maonekedwe. Kachirombo ka chikuku sikatha kusintha mbali imene ukonde umagwira, koma ka fuluwenza kamasintha pang'ono chaka chilichonse, kotero ukonde wa chaka chatha umakhala wa maso akulu pa nsomba ya chaka chino. Palinso mitundu yoposa 100 ya tizirombo tina ta chimfine, ndipo kudwala umodzi sikuteteza munthu ku inzake.

ZIMENE COVID-19 INAPHUNZITSA DZIKO LINO

Covid-19 inapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, mwa anthu atatu ku Lilongwe. Inabwera monga mafunde a nyanja, lina likapita lina nkubwera. Funde la Januwale 2021 linali loopsa; pa 12 Januwale nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Funde lachitatu linafika m'nyengo ya mwera chaka chomwecho, ndipo lachinai mu Disembala. Anthu oposa 2,600 ndiwo analembedwa kuti anamwalira ndi nthendayi m'dziko muno.

Koma amene kachiromboka kanawalowa anali ochuluka kwambiri kuposa amene analembedwa m'mabuku a chipatala, ndipo amene anaulula zimenezi ndi maantibodi. M'miyezi ya Meyi ndi Juni 2020 akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anayeza magazi a anthu 500 ogwira nchito m'zipatala, amene anali pa nchito ali bwinobwino, napeza kuti pafupifupi 12 pa 100 aliwonse anali atakomana nako kale. Pambuyo pake, mogwirizana ndi bungwe losunga magazi la Malawi Blood Transfusion Service, anayeza magazi 5,085 a anthu opereka magazi, otengedwa kuyambira Januwale 2020 mpaka Julayi 2021. Pofika Julayi 2021, ku Blantyre ndi ku Lilongwe anthu pafupifupi 8 mwa 10 anali ndi maantibodi, ndipo ku Mzuzu 7 mwa 10.

Munthu angaganize kuti pamenepo nthenda inalibenso polowera. Koma mu Novembala 2021 madokotala a ku South Africa ndi Botswana anaona mtundu watsopano wa kachiromboka, umene unatchedwa Omicron, wosintha maonekedwe kwambiri. Mu Disembala unafika kuno, ndipo unagwira ambiri, ngakhale amene anadwalapo kale. Komabe ogonekedwa m'chipatala ndi omwalira anali ochepa poyerekeza ndi mafunde awiri apambuyo. Phunziro lake ndi lomwe lija la ku Salisbury: ukonde wakale sunatseke pakhomo, koma asilikali okumbukira anathandiza kuti nthenda isafike poipa.

WODWALA KWAMBIRI NDI WODWALA PANG'ONO

Atafika apa Mlangiziyo anati anthu atchere khutu, pakuti apa ndiye pagona nkhani. Anthu awiri angathe kugwidwa ndi kachirombo kamodzi, tsiku limodzi, m'bwato limodzi, koma zotsala m'magazi mwao nkukhala zosiyana kutalitali.

Ku Wanzhou, m'dziko la China, madokotala anatsatira magulu awiri a anthu a Covid-19 mu 2020. A gulu loyamba kachirombo kanawalowa koma sanamve kudwala konse. A gulu lachiwiri anadwala ndithu. Patapita masabata 8 atatuluka m'chipatala, mwa anthu 30 osamva kudwala aja, 12 maantibodi ao anali atachepa kotero kuti sanaonekenso poyeza. Koma mwa 31 amene anadwaladi, anai okha ndiwo anali otero. Ku London nakonso, chaka chomwecho, madokotala anaona kuti odwala kwambiri ndiwo anali ndi maantibodi ochuluka koposa, ndipo ngakhale a onse ankatsika m'miyezi itatu yoyamba, amene anayambira pamwamba anatsala ndi ambiri, pamene ena odwala pang'ono anatsikira pafupi ndi pamene anayambira.

Chifukwa chake nchosabvuta kuchimvetsa. Mwa munthu wodwala kwambiri tizirombo timakhala tambiri, timafika m'mapapo, ndipo timakhala masiku ambiri, kotero thupi limaitana oluka ambiri ndi kuwagwiritsa nchito nthawi yaitali. Mwa munthu wodwala pang'ono nkhondo imathera m'mphuno, oluka ambiri asanaitanidwe. Mudzi umene mkango unalowa ndi kugwira ng'ombe umamanga khola lolimba. Mudzi umene unangomva kubangula kutali umaiwala msanga.

Izi sizitanthauza kuti wodwala pang'ono amatsala wopanda kanthu iai. Ku California, m'dziko la America, anatsatira anthu 188, ambiri a iwo osagonekedwa m'chipatala, ndipo mwa amene anayezedwa patapita miyezi 6 mpaka 8, anthu 9 mwa 10 anali akali ndi maantibodi. Ku St Louis, m'dziko lomwelo, madokotala anatenga mafuta a m'mafupa a anthu 19 amene anadwala pang'ono, napeza oluka aja akali pa nchito mwa 15, patapita miyezi 7 kapena kuposerapo. Koma mwa anai otsalawo sanawapeze. Ndipo bvuto lili pamenepa: munthu sangadziwe pongodzimva m'thupi ngati ali pakati pa 15 aja kapena pakati pa anai. Mphamvu za m'manja zopalasira bwato sizinena za m'magazi.

Palinso anthu amene thupi lao limaluka mofooka, ndipo ukonde wao umatha msanga: nkhalamba, anthu osowa chakudya chokwanira, odwala khansa kapena impso, ndi amene ali ndi kachirombo ka HIV koma sakumwa mankhwala. Amene amamwa ma ARV mokhulupirika thupi lao limayankha bwino kwambiri kuposa amene analeka.

MTENGO WA CHITETEZO

Tsono ngati kudwala kwambiri kumasiya maantibodi ambiri, kodi nkwabwino kudwala kwambiri? Mlangiziyo anati iai ndithu, pakuti mtengo wake ndi waukulu kuposa katundu. Amene anayezedwa napezeka ndi maantibodi ambiri ndi okhawo amene anapulumuka. Amene analephera kupuma namwalira palibe amene anawawerengera pamodzi nao. Ena opulumuka amatsala ndi mapapo oonongeka, befu ndi kutopa kwa miyezi yambiri, kotero kuti bambo amene ankakoka chilimira amalephera kukwera mchenga wa pagombe. Madzi akatayika saoleka.

Ngakhale chikuku, chimene chimasiya chitetezo cha moyo wonse, chimalipiritsa koopsa. Mu 2010 anthu oposa 130,000 anadwala chikuku m'Malawi muno, ndipo oposa 300 anamwalira. Chimasiya ana ena akhungu, ena ogontha. Ndiponso chili ndi nkhanza ina imene yadziwika bwino posachedwapa: chimapha asilikali okumbukira nthenda zina. Mu 2019 akatswiri anafotokoza za ana 77 osalandira katemera a ku Netherlands, amene magazi ao anayezedwa asanadwale chikuku ndiponso atachira. Ena anataya gawo limodzi mwa magawo 10 a mitundu ya maantibodi imene anali nayo, ena anataya magawo 7 mwa 10. Chikuku chimapatsa mwana ukonde umodzi, nkumuotchera ena ambiri. Nchifukwa chake mwana wochira chikuku amagwidwagwidwa ndi chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Njira yotsika mtengo ndi katemera. Katemera amaonetsa thupi maonekedwe a mdani, mdaniyo atafooketsedwa kapena asalipo konse, kuti oluka aphunzire nchito popanda nkhondo. Katemera woyamba wa Covid-19, wa AstraZeneca, anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, wokwana kubaya ka 360,000, ndipo pa 11 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analandira wake pamaso pa anthu ku Zomba. Akatswiri a ku Blantyre aja anatsatira Amalawi amene anadwalapo Covid-19 kale kenaka nkulandira katemerayu, ndipo mu 2022 anafotokoza kuti maantibodi ao anakwera kwambiri, nathanso kugwira mitundu ina ya kachiromboka imene anthuwo sanakomane nayo. Kotero munthu wonena kuti "ndinadwala kale" ndiye amene katemera amampindulitsa koposa, pakuti amadzutsa oluka amene anayamba kuodzera. Nzoona kuti maantibodi a katemera wa Covid-19 naonso amatsika pakapita miyezi, ndipo nchifukwa chake madokotala analangiza za katemera wobwereza, makamaka kwa okalamba ndi odwaladwala.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma kachiromboko sikanathe. Kakuyendabe pakati pa anthu monga fuluwenza, ndipo kakusinthabe maonekedwe.

MAFUNSO A ANTHU

Mlangiziyo atamaliza anapempha mafunso, nati safunsa anadya phula.

Woyamba kuimirira anali bambo wina wachikulire, mwini chilimira, amene anati, "Bambo Mlangizi, anyamata anga ndi amphamvu, chimfine sichiwagoneka. Kodi sikwabwino kuwaleka adwale kuti akhwime?" Mlangiziyo anayankha kuti, "Zikomo bambo. Nzoona kuti mnyamata wamphamvu kawirikawiri amachira msanga. Koma monga mwamvera, wodwala pang'ono ndiye amatsala ndi chitetezo chochepa, kotero phindu lake nlaling'ono. Ndipo mnyamatayo akatsika m'bwato amapita kwa amai ake, kwa agogo ake, ndi kwa mkazi wake woyembekezera. Chimene kwa iye ndi chimfine, kwa iwo chingakhale chibayo. Wotsokomola ndi kutentha thupi mumpatse masiku opuma, asagone mumsasa wothithikana ndi anzake."

Aphunzitsi ena anafunsa ngati achipatala angathe kuyeza magazi a munthu ndi kumuuza kuti ndi wotetezeka. Mlangiziyo anati kuyeza maantibodi kumaonetsa kuti munthu anakomanapo ndi kachirombo kapena analandira katemera, ndipo kumathandiza Boma kudziwa m'mene nthenda yayendera m'dziko, monga anachitira ndi opereka magazi aja. Koma pa Covid-19 palibe muyeso umene dokotala angaloze ndi kunena kuti wofika apa sadzadwalanso. Anaonjeza kuti kuyeza kwa kathonje ka m'mphuno kuja nkwina. Kumeneko amafuna kachirombo kenikeniko, kuti adziwe ngati munthu akudwala lero.

Kenaka agogo ena aakazi anati, "Mwana wanga, mdzukulu wanga analandira katemera wa chikuku ali ndi miyezi 9. Tsopano akuti apitenso. Kodi woyamba uja anali wabodza? Nanga ngati chikuku nchoopsa, bwanji osabaya mwana tsiku lobadwa?" Mlangiziyo anati, "Agogo, mwafunsira amai onse ali pano. Mwana akali m'mimba amalandira maantibodi kuchokera kwa mai wake, ndipo ena amawapeza poyamwa. Umenewu ndi ukonde wobwereka. Oluka ake amatsala mwa mai. Tsono wa m'magaziwo umatha pang'onopang'ono m'miyezi yoyamba ya moyo wa mwana. Akabaidwa msanga, ukonde wa maiwo umagwira katemerayo thupi la mwana lisanaphunzire kanthu. Akachedwa kwambiri, chikuku chimampeza alibe chomteteza. Nchifukwa chake anasankha miyezi 9. Koma pa msinkhu umenewo, mwa ana 100 obaidwa, pafupifupi 15 katemera sagwira. Wachiwiri, wa pa miyezi 15, ndi wotolera otsalawo, ndipo akalandira onse awiri pafupifupi onse amatetezeka zaka zambirimbiri. Mdzukulu wanuyo mupite naye ku sikelo, ndipo musaiwale kabuku kake."

Mai wina wogulitsa usipa anafunsa kuti munthu angadziwe bwanji kuti chimfine chafika poti apite nacho ku chipatala. Mlangiziyo anatchula zizindikiro izi: kupuma mofulumira kapena mobanika, nthiti za mwana kulowa m'kati popuma, kupweteka kwa m'chifuwa, kutentha thupi kosaleka masiku atatu, mwana kukana kuyamwa, kukomoka, ndi nkhalamba kusokonezeka mutu. Woona chimodzi mwa izi asadikire kuti kuche kawiri. Apite ku chipatala chaching'ono chapafupi, kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Salima. Anakumbutsanso kuti kuno kunyanja kutentha thupi kungakhale malungo, kotero nkofunika kuyezetsa, ndiponso kuti chifuwa chopitirira masabata awiri chiyenera kuyezedwa ngati sichili chifuwa chachikulu. Ndipo anachenjeza za makapisozi ogula pa msika, kuti sapha mavairasi ngakhale pang'ono.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Potsiriza Mlangiziyo anabwereza mitu inai kuti aphunzitsi akaiphunzitse ana ku sukulu, ndi mafumu akaikambe pa bwalo.

Choyamba, maantibodi amachuluka pakatha masabata atatu kapena anai munthu atadwala, kenaka amatsika, msanga m'miyezi yoyamba, pang'onopang'ono pambuyo pake.

Chachiwiri, kutalika kwa chitetezo kumasiyana ndi nthenda. Cha chikuku ndi cha moyo wonse. Cha chimfine, fuluwenza ndi Covid-19 chimafooka pakapita miyezi kapena chaka, ngakhale kuti chimathandizabe kuchepetsa ukali wa nthenda.

Chachitatu, wodwala kwambiri amatsala ndi maantibodi ambiri okhalitsa, wodwala pang'ono amatsala ndi ochepa, ndipo wosamva kudwala konse angatsale ndi ochepetsetsa. Koma palibe munthu wanzeru amene angagule chitetezo ndi mapapo ake.

Chachinai, kudwala kale si chifukwa chokanira katemera. Mwana aliyense alandire katemera wa chikuku kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Okalamba, odwala shuga, odwala kuthamanga kwa magazi ndi amene ali pa ma ARV afunse alangizi a za umoyo a m'dera lao za katemera amene ayenera kulandira.

Anamaliza ndi kukumbutsa anthu za chilumba cha Mbenji, chimene a Senior Chief Makanjira ndi anthu ao amachitseka nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane. Msodzi wochenjera amasoka maukonde ake m'miyezi yotsekayo, kuti tsiku lotsegulira limpeze ali wokonzeka. Wopusa amati, "Ukonde wanga unapha utaka wambiri chaka chatha," osauyala pa mchenga kuti aone ngati makoswe sanaudye. Amadzazindikira ali pakati pa nyanja.

Pamenepo a Gulupu anathokoza Mlangiziyo m'malo mwa mafumu onse, nalamula kuti nyakwawa iliyonse ikaone timabuku ta ku sikelo ta ana a m'mudzi mwake mwezi usanathe, ndi kutumiza ku chipatala onse amene sanalandire katemera wachiwiri wa chikuku. Msonkhano unatsekedwa ndi pemphero dzuwa litapendeka, asodzi akuyamba kukonza nyali zao.